Layini ya Malemu Timoteyo

Imelda anafika pa boda ya Mchinji dzuwa litangotuluka, kachikwama kumsana, kolona m'khosi, mwana wake Thandiwe akumunyamulira kachigubu ka madzi. Zonse za ulendo anali atakonza kalekale. Bodapasi inali m'kapepala ka pulasitiki pachifuwa, nsapato za raba anaziyendera masabata awiri kuti zifewe, chimanga chokazinga chinali m'kampango. Chotsala chinali foni basi.

Anthu a ulendowu anali oposa makumi atatu, ochokera m'matchalitchi a m'midzi yozungulira Ludzi, ndipo ankati ayende wapansi masiku asanu mpaka ku phiri la mapemphero kuseri kwa Katete, m'dziko la Zambia. Ena ankakapempha mwana, ena ntchito, ena, tinene zoona, ankangofuna kuti pobwera azidzakhala ndi nkhani yotopetsa nayo anzawo pa mjigo. Imelda ankakapemphera ndithu, koma anali ndi chake china chimene ankachitsata panjira yomweyo.

Zaka zinayi zapitazo mwamuna wake, a Timoteyo, anawoloka boda yomweyi ndi mng'ono wawo Eneya kukalima fodya pa famu ina ngati matenanti. Patatha chaka Eneya anabwera yekha atanyamula jekete ndi chipewa cha mkulu wake. Anati achimwene atenga malungo, sanachedwe nawo, ndipo poti inali nthawi ya mvula ndipo galimoto yonyamula thupi sinapezeke, anawaika konko. Mudzi unalira maliro opanda bokosi. Imelda anametedwa, anavala zakuda chaka chathunthu, ndipo Eneya atangometa anakwera basi kubwerera kwawo ku Ntcheu, osaonekanso.

Kenako kunabwera a Mateyu. Anali bambo wofatsa, woferedwanso, wa malonda a mtedza amene ankawolotsa matumba pa njinga yamoto kupita nawo ku Chipata. Anayamba ndi kumukonzera Imelda denga, kenako kumutengera feteleza ku depoti, kenako tsiku lina anatuma ankhoswe. Imelda, amene ankaganiza kuti zoseka zinatha m'moyo wake, anapezeka akusekanso, mpaka anzake a m'bungwe la amayi n'kumamunena kuti wayamba kuyenda ngati namwali. Ankawakonda a Mateyu, ndipo sankabisa. Ukwati wawo unali utalengezedwa kawiri m'tchalitchi. Kachitatu bambo mfumu anati kadikire kalata yochokera kwa anthu amene anaika malirowo, chifukwa mpingo sumanga ukwati wachiwiri pa mawu a munthu mmodzi amene sakupezekanso. Popanda kalatayo, ukwati panalibe.

A Mateyu anayesetsa kumuletsa ulendowu. Anati miyendo itupa, anati dzuwa la Okutobala si la masewera, anati iwo amadutsa njira imeneyo sabata ndi sabata, kalatayo akatenga okha. Imelda anakana. Anati manda a bambo a mwana wake awaone ndi maso ake, agwadepo, atsanzike, ndiye abwere akwatiwe mtima uli mbee. Famuyo inali pang'ono pambali pa njira ya aulendo, ndipo nambala ya kapitawo wake anali nayo pa kapepala. Nchifukwa chake foni inali yofunika: aimbire kapitawo, komanso madzulo aliwonse amve mawu a a Mateyu.

Pafupi ndi pomwe amaima madalaivala a mathiraki panali kambulera kofiira, pansi pake katebulo ka matchaja ndi mabatire, ndipo mwini wake anali Laston, munthu wa pakamwa pokoma amene Chichewa chake chinali chitasakanikirana ndi cha kutsidya.

"Manje mami, mverani ndikuuzeni," anatero atamva nkhani yawo. "Njira zilipo zitatu. Yoyamba, mupite ndi layini yanu yomweyi ya kuno. Igwira mpaka pa Mwami, koma mukangopitirira iyamba kudya mayunitsi ngati chiswe, moni yekha atha zonse. Yachiwiri, mukagule yatsopano ku Chipata. Kumeneko akufunsani pasipoti, akujambulani, mukhala pa mzere. Pasipoti muli nayo?"

"Ndili ndi bodapasi."

"Ndiye anzanu akakhala akuimba Ave ku Katete inu mudakali pa mzere. Yachitatu ndi iyi."

Anatulutsa kachitini ka mafuta odzola n'kukhuthulira patebulo. Munatuluka timasimukhadi tambirimbiri, tina tothimbirira, tina tomata selotepi yolembedwa nambala. Anafotokoza kuti matenanti ndi a maganyu akamabwerera kwawo amamugulitsa malayini awo a ku Zambia, olembetsa kale, ndipo iye amagulitsanso kwa owoloka. Ungoika m'foni, yayamba kugwira. Imelda anadziwa kuti malondawa si owongoka kwenikweni, ndipo zinamuvuta mumtima kuyamba ulendo woyera ndi chinthu cha pansi pa tebulo. Koma mayi Enifa, mtsogoleri wa aulendo, anali atayamba kale kuwerenga anthu ake uko ku geti.

"Sankhani nokha, mami," anatero Laston. "Nambala ili ngati nkhuku, mwini amasankha ndi diso lake."

Imelda anatakasa ndi chala. Za manambala analibe nazo ntchito. Diso lake linagwera pa kamodzi kamene kanali kokulungidwa bwinobwino m'kachidutswa ka pepala la shuga, kopindidwa kanayi, ngodya zake zolowetsedwa mkati. Anati mumtima, mwini wake wa aka anali munthu wosamala zinthu, sangandigulitse chakufa. Analipira layini ndi mayunitsi omwe, Laston anatsegula kafoni ka Imelda ka mabatani, anachotsa layini ya kuno n'kumupatsa kuti asunge, anaikamo inayo. Netiweki inabwera yodzadza.

"Aflasheni achemwali apa kuti asunge nambala," anatero Laston.

Imelda anadina nambala ya Thandiwe. Foni ya Thandiwe inalira m'dzanja lake. Mtsikanayo anayang'ana, ndipo sanadule, sanayankhe, anangoima. Foni inalira mpaka kuleka yokha.

"Wasunga?" anafunsa Imelda.

Thandiwe anangotembenuza foniyo kuti mayi ake aone. Pamene pankayenera kuoneka nambala yachilendo panali dzina limene iye analilemba yekha zaka zinayi zapitazo, tsiku limene bambo ake anaimba koyamba kuchokera ku famu, ndipo sanalimbe mtima kulifufuta. Panalembedwa kuti Adadi.

Imelda anayang'ana foni yake, anayang'ana ya mwana wake, anayang'ananso yake ngati kuti m'katimo mutuluka munthu.

Thandiwe ndi amene anayamba kupeza mawu. "Amayi, musaope. Paja ndinkaimba miyezi yoyamba ija, osayankhidwa, tsiku lina n'kuyankha mzimayi kuti mwasokera. Bambo aang'ono Eneya asanachoke anali atanena kale kuti makampani amatenga nambala za anthu omwalira n'kupatsa ena. Ndi zomwezo izi."

"Ayi, sisi," anatero Laston, amene sankadziwa chimene waponda ndipo ankangoteteza katundu wake. "Nambala akaipereka kwa wina imabwera pa khadi yatsopano. Iyi ndi yakale, onani kufufuma kwake. Mwini wake wakhala nayo zaka, ndipo imagwira bwino, ndinayesa ndekha. Wandigulitsa Lachiwiri lomweli."

"Lachiwiri liti?" anafunsa Imelda. Mawu ake anatuluka aang'ono.

"Lapitali. Ndikumukumbuka bwino chifukwa anandidyera ola lathunthu kukangana mtengo. Mdala wamtali, wakuda, wolankhula cha ku Ntcheu. Chala ichi," anaimika chala chake cha mkombaphala, "n'chodukira pakati."

Chala cha a Timoteyo chinadukira mu jeke yodindira fodya chaka chimene Thandiwe anabadwa. Imelda ndi amene anachimanga ndi kansalu ka mpango wake.

"Anthu odula zala ndi ambiri m'mafamu," anatero Imelda, ndipo ngakhale iye mwini anamva kuti akupempha, sakutsutsa.

"Zoona, mami. Koma uyu yekha anali wina. Anati pali munthu wamuuza kuti layiniyi aiponye m'chimbudzi, isaonekenso. Ndiye akuti, ndingataye bwanji chinthu choti chigula sopo? Titagwirizana, anamasula kamphira kamene anamangira kapepalako n'kuika m'thumba. Kamphira, mami. Ndinaseka mpaka misozi."

Imelda sanaseke. Anakhala pansi pa benchi ya Laston. Zaka makumi awiri anakhala ndi munthu amene sankataya kanthu, wotola misomali yopindika panjira, wosunga mbewu ya tomato m'timapepala ta shuga topinda kanayi, ngodya zolowetsa mkati. Dzanja lake linazindikira kupindako mutu usanazindikire, ndipo linapita lokha kukatola. A Timoteyo anali moyo. Lachiwiri anaima pomwe iye waimapa, mtunda wa maola awiri pa njinga kuchokera pakhomo pawo, akulimbana ndi mtengo wa simukhadi, n'kutembenuka kubwerera.

Laston tsopano anaona nkhope zawo. Anayamba kulongedza timakhadi take m'chitini mwakachetechete.

Thandiwe anatenga foni ya mayi ake n'kutsegula maina amene anabwera ndi khadiyo. Ankawerenga motsitsa. Kapitawo. Wachigayo. Wang'ombe. Amake Limbani. Sukulu ya Limbani. Anatsika mpaka pansi, anakweranso. Dzina la Imelda munalibe. La Thandiwe munalibe.

"Ali ndi mwana wa sukulu," anatero Thandiwe. "Kapena ndi wopeza." Kenako anagwira pakamwa. "Amayi, adadi ali moyo." Ndipo analira, osadziwa ngati akulira chimwemwe kapena mkwiyo, ndipo mwina zinali zonse.

Imelda misozi sinabwere. Chimene chinabwera ndi manyazi, otentha, okwera mpaka m'makutu. Anakumbuka lumo likudutsa m'mutu mwake, amayi a m'mudzi atamuzungulira. Anakumbuka diresi lakuda lija, limodzi lomwelo, lochapa madzulo n'kuvala m'mawa, m'dzuwa ndi m'mvula. Anakumbuka ma Misa amene anapempha kuti mzimu wa malemu uuse mumtendere, pomwe malemuwo ankadya nkhwani kwa amake Limbani. Eneya anakhala pa mphasa yake, anadya chakudya chake, analira pamaso pake misozi yeniyeni yotsika. Munthu ameneyo akanakhala pafupi, Imelda akanaiwala kolona ili m'khosi. Ndipo anatsimikiza kuti ndi Eneya yemweyo amene wamva za ulendowu n'kuchenjeza mkulu wake kuti ataye layini.

Mkwiyo utatsika pang'ono, chinatsala ndi chimene chinali chowawa kwenikweni. Ukwati wake ndi a Timoteyo unali wa m'tchalitchi, wa mphete, ndipo umenewo umatha ndi manda okha. Manda kunalibe. Ndiye kuti iye sanali wamasiye, anali mkazi wa mwini, wosiyidwa, ndipo kulengeza kwachitatu sikudzachitika. Malaya a ukwati anali kwa telala. Mbuzi ziwiri zinali zitasankhidwa. A Mateyu anali atapaka kale laimu nyumba.

Anayang'ana ngalande ya madzi akuda imene inkadutsa kuseri kwa katebulo. Kakhadiko kanali kochepa ngati chikhadabo. Akanatha kukatulutsa, kukathyola ndi mano, kukaponya mmenemo. Odziwa anali atatu okha, ndipo Laston, malonda ake mmene analilimu, sakanapita nazo patali. Anthu amene ananama za maliro sakanalephera kulemba kalata ya maliro. Akanangopita ku famu, kugwada pa mulu uliwonse umene angamuonetse, kubwera ndi pepala, Lamulungu n'kulengezedwa. Ganizoli linamukomera, ndipo kukoma kwake ndi kumene kunamuopsa kwambiri.

"Amayi, titani?" anafunsa Thandiwe.

"A Mateyu," anatero Imelda. Atangotchula dzinalo misozi inabwera. "Munthu wosalakwa uja. Ndikawauza bwanji? Anaika mkazi wawo m'manda enieni, anadikira, anandilemekeza, ndiye lero ndiwauze kuti mwapaka nyumba pachabe?"

"Kapena muyambe mwapita, mudzawauze pobwera."

"Ayi. Ndikawoloka nazo izi ndidzabwera nditazolowera bodza. Ndiwauza pompano, ndisanaponde kutsidya."

A Mateyu anali atalonjeza kuti akamaliza kumanga matumba abwera pa boda kudzatsanzika, koma anali asanaoneke. Ku geti mayi Enifa anakweza mtanda wa ulendo ndipo aulendo anayamba kufola awiriawiri, zitenje za bungwe zili mbuu. Wina anayambitsa nyimbo. Mayi Enifa anakodola Imelda ndi dzanja kuti nthawi yatha.

Thandiwe ndi amene anawaona. "Si awo apo, pa azimayi a nthochi."

Analidi iwo, tsidya la msewu, njinga yamoto ataiimika pambali pa thiraki, atawerama akusankha nthochi imodziimodzi, kuzitembenuza, kubweza zofewa kwambiri. Zinali za Imelda, zoti adye panjira. Ataona zimenezo mtima wake unasweka kachiwiri. Pakati pawo pankadutsa mathiraki pang'onopang'ono, utsi ndi fumbi, ndipo kukuwa sikukanamveka. Nthawi yosinthanso makhadi panalibe. Nambala ya a Mateyu ankaidziwa pamtima kuposa ya mwana wake, ndipo anaidina pa foni mmene inalilimo kuti awauze awoloke msewu.

Atadina koimbira, manambala aja anachoka pa galasi, m'malo mwake panabwera dzina, monga imachitira foni ikakhala kuti munthuyo imamudziwa. Panalembedwa kuti Wamtedza. Imelda analiona, koma mutu wake unali utadzadza kale, ndipo anaika foni kukhutu asanalimvetse.

Tsidya lija a Mateyu anaweramuka, anapisa m'thumba la jekete, anayang'ana foni. Imelda anaona nkhope yawo ikusintha. Anayang'ana uku ndi uku, anayang'ana ku geti kumene kunali aulendo, kenako anasiya mayi wa nthochi atatambasula dzanja n'kupita kukaima kumbuyo kwa thiraki, atafulatira msewu. Anayankha motsitsa, mwachangu, ndi mawu amene Imelda anali asanawamvepo pakamwa pawo.

"Iwe Timoteyo, ndinakuuza chiyani? Ndinati layini imeneyi uitaye. Mkazi ali pa boda pano, akuwoloka lero, Lachinayi afika pa famupo. Kapitawo ndalankhula naye, pepala alemba. Iwe ungochokapo sabata imodzi basi. Ukundimva?"

Nyimbo ya aulendo inkamveka mbali ziwiri, kukhutu lina pafupi, kukhutu lina m'foni. Imelda anadzuka pa benchi paja n'kuimirira. Thandiwe ankamuyang'ana kukamwa, osadziwa chimene chanenedwa.

"Timoteyo? Ukundimva?"

"Ndikukumvani, a Mateyu," anatero Imelda. "Chewukani."

Anachewuka pang'onopang'ono, foni idakali kukhutu, jumbo ya nthochi ikulendewera kudzanja linalo. Thiraki ina inadutsa pakati pawo, yaitali, ndipo itatha anali adakaima pomwepo, akuyang'ana kambulera kofiira.

"Amake Thandi," anatero m'foni. "Ndikufotokozereni bwino. Munthu uja sakanabweranso. Ali ndi banja. Ine ndinaona mmene munkavutikira, ndiye ndinati..."

"Ndikufunsani chimodzi chokha. Munadziwa liti?"

A Mateyu anaika jumbo ya nthochi pansi.

"Ndinakumana naye pa msika ku Chipata," anatero potsiriza. "Kalekale."

"Liti?"

"Musanavule zakuda."

Imelda anadula foni. Denga lija anamukonzera iye ali m'zakuda. A Mateyu anaima pa makwerero akumuyang'ana mayi wometa mutu akuwapatsira udzu, akuwathokoza, akuwauza kuti malemu akanakhala moyo sakanalola kuti nyumba idonthe chonchi, ndipo iwo anavomera ndi mutu.

Imelda anapukuta nkhope ndi chitenje, anatenga kachigubu ka madzi m'manja mwa Thandiwe, n'kumuuza kuti akafika kumudzi adutse kwa telala amuuze asiye kusoka. Kenako anapita kukaima kumapeto kwa mzere, ndipo mayi Enifa atamufunsa ngati foni yatheka, anayankha kuti yatheka, ikugwira bwino.